Chipinda Chimene Anandimangira Akamwini

Nkhani iyi ndi yoona, ndipo ndikanakhala munthu wopeka nkhani ndikanapeka ina yondipatsa ulemu, osati iyi yoti ndikaikumbukira, ngakhale ndili ndekha kudimba, ndimapezeka ndaphimba kumaso ndi chitenje. Anthu a kwathu kuno kufupi ndi Ndunde amaidziwa, koma amadziwa mbali yoseketsa yokha, ija amanong'onezana kumjigo ndikangosenza ndowa n'kutembenuka. Mbali yoopsayo ndi yanga ndekha, ndipo lero ndati ndiitule pansi. Sinditchula dzina la munthu, chifukwa ena mwa iwo ndimapemphera nawo mphakati umodzi wa kutchalitchi kwathu.

Ine ndine mayi wamasiye ndipo ndimakhala pamalo a amayi anga, paja kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi. Malemu amuna anga anandisiyira nyumba ya njerwa zootcha ya zipinda ziwiri ndi ng'ombe imodzi ya mkaka. Nyumbayo inali yolimba koma yothina, moti a mphakati akabwera kudzapemphera nthawi ya mvula ena ankaima pakhonde akunyowa, ine mtima n'kumandiwawa. Ndiye kwa zaka ndithu, ndikagulitsa mkaka ndi nandolo, ndinkagula simenti ndi malata pang'onopang'ono, ndinaumbitsa njerwa n'kuotcha, cholinga ndiwonjezere balaza lalikulu loti munthu n'kutambasula miyendo.

Mmisiri ndinali nditamupeza kale, bambo wina wa mudzi woyandikana nawo amene anamangira nyumba mnzanga wa kukwaya. Ndinapita kukaiona nyumbayo, ndinagogoda makoma, ndinamufunsa mnzangayo ngati imadontha. Bamboyo ndi wapakamwa, ndipo Loweruka likafika musamufune, koma ntchito yake inkaoneka, komanso ndi munthu woti akalankhula zopusa ndinkatha kumubwezera pomwepo. Tinagwirizana kuti ayamba tikangokolola.

Apa m'pamene mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, anabwera kudzakhala pansi pakhomo panga n'kuyamba kulira. Iye ndi amuna ake, akamwini angawo, nyumba yawo ili pabwalo lomweli, kuseri kwa khola la ng'ombe. Akamwiniwo ndi munthu wofatsa, waulemu woti simungaupeze masiku ano. Anagwirako ntchito ya zomangamanga ku Limbe, ndipo pobwerako anabwera ndi chisoti chachikasu ndi levulo yoongolera makoma, n'kuyamba kudzitchula kuti kontalakita. Zoti ku Limbeko ankamanga kapena ankangokankha wilibala, sindinafunsepo, ndipo ndikanafunsa bwanji? Kumudzi kuno ntchito zinkawasowa, anyamata a pagolosale ankawaseka kuti akungonenepa ndi mkaka wa apongozi, ndipo iwo anali atayamba kukamba zopita ku Joni. Mwana wangayo anati ndikalemba mmisiri wa kumudzi wina, amuna ake ali pomwepa, anthu adzati ngakhale apongozi awo sawakhulupirira, ndipo iwo adzanyamuka, banja lake n'kuthera pomwepo. Ine ndawaona amuna opita ku Joni, ena amabwerera, ena amangotsala dzina. Ndinamuyang'ana mwana wanga, ndinaganiza za mdzukulu wanga wamkazi amene anali atangoyamba sukulu, ndipo ndinatumiza uthenga kwa mmisiri uja kuti ndasintha maganizo.

Inu a m'tauni mwina simungamvetse chimene ndinachita pamenepa, ndiye ndifotokoze. Kuno apongozi ndi akamwini timaopana. Zaka zonse zimene bambowa anakhala pabwalo panga sindinawayang'anepo m'maso, sindinatchulepo dzina lawo, sitinadyepo malo amodzi. Tikakumana panjira, wina ankapatukira m'chinangwa. Ndikafuna kuwauza kanthu ndinkatuma mwana wanga, apo ayi ndinkalankhula ndi mdzukulu wanga mokweza iwo ali poteropo, iwonso n'kumayankha kamwanako ngati ndiko kafunsa. Mabanja ena anazisiya zimenezi, koma ine ndinakulira momwemo ndipo ndinkanyadira, ndinkachita kuwauza anzanga kuti kwanga kuli mwambo. Tsono taganizani, kumulemba ntchito munthu amene sungathe kumuyang'ana, kumufunsa, kapena kumuuza kuti apa walakwitsa.

Kum'mawa kwa nyumba yanga kunali kamalo kosalala, komera udzu wobiriwira chaka chonse. Pamenepo panali chimbudzi chakale chimene malemu anakumba, ndipo iwo sankadziwa kuchita zinthu mwatheka, dzenje lake okumba ankachita kutuluka ndi chingwe. Kanyumba kake kanagwa ndi mvula dzenjelo lisanafike ndi theka lomwe, ndiye m'malo molikwirira tinangotseka chibowo ndi mwala n'kuthira dothi pamwamba pa mitengo ija amayala pachimbudzi. Zimenezi zinachitika akamwini asanabwere pamudzi pano. Ine ndinkafuna balazalo lipite kumadzulo, koma tsiku lina ndikuchokera kokasiya mkaka ndinapeza akhoma kale zikhomo, amanga zingwe, kum'mawa, dzenje lija lili pakati penipeni pa chipinda.

Ndinamuitanira mwana wanga kukhitchini n'kumuuza kuti akawauze amuna ake kuti pamenepo panali chimbudzi ndipo pansi pake m'mphako. Anapita, n'kubwera ndi yankho loti iwo akuti ndisadandaule, ku Limbe anamangapo ndi m'dambo momwe, simenti imagwira paliponse. Ndinamufunsa ngati wanena bwinobwino monga ndinamuuzira, iye anati ee, maso ali pansi. Ndikanatani? Ndipite ndekha ndikaime pamaso pa akamwini n'kuyamba kuwafotokozera za chimbudzi changa? Ndinangodziuza kuti mwina anthu ophunzira ntchito m'tauni amadziwa zimene ife sitidziwa.

Ntchito inayamba, ine ndikuonerera chapatali, ndikunamizira kudulira ng'ombe nsenjere. Maziko anakumba osafika ndi m'bondo momwe, ndinaona. Pansi anangoswa zidutswa za njerwa n'kuthira simenti yopyapyala, popanda ndi kawaya komwe, ndinaonanso. Akanakhala mmisiri wapakamwa uja ndikanamuimitsa pomwepo, tikanatukwanizana mpaka dzuwa kulowa, koma zinthu zikanakonzeka. Awa ndinkangowafululira thobwa n'kupatsira mwana wanga kuti akapereke. Anthu odutsa ankaima n'kumandiuza kuti ndili ndi mwayi, akamwini ena ntchito yawo ndi bawo basi, ine n'kumavomera kuti zoonadi.

Ndisaname, chipindacho chitatha chinakongola. Mawindo akuluakulu, pansi popaka polishi wofiira, chitseko chatsopano cha bulugamu. A mphakati anabwera kudzapemphera, anawaza madzi odalitsidwa, onse anakwana n'kutsala malo. Akamwini anayamba kuyenda atadzutsa mutu, panamveka zoti wina akufuna amumangire golosale, nkhani ya ku Joni inazilala, ndipo mwana wanga ananenepa masaya. Ine ndekha ndinkadziwa kuti ukaponda pakati pa chipindacho pansi pamalira ngati ng'oma. Mvula itayamba panatuluka kamng'alu, nyerere n'kumatulukira pomwepo. Mukuganiza ndinachita chiyani? Ndinayalapo mkeka n'kuikapo tebulo, kuopa kuti akamwini akaona mng'aluwo uli poyera angaganize kuti ndikuwanyoza.

Tsikulo linali la mu Febuluwale, kutagwa mvumbi masiku angapo. M'mawa kunacha bwino, ndiye aliyense anathamangira kumunda, mwana wanga anapita kumsika ndi tomato, mdzukulu kusukulu. Pabwalo tinatsala awiri, ine m'nyumba mwanga, akamwini pakhonde pawo akumata chubu cha njinga. Ndinali nditangosamba, ndamanga chitenje chimodzi pachifuwa, ndiye ndinati ndikolope pabalaza ndisanavale. Nditasuntha tebulo n'kuchotsa mkeka ndinaona mng'alu uja wakula woti chala n'kulowa, ndipo munkatuluka kamphepo kozizira konunkha. Ndinagwada kuti ndione bwino. Ndinamva phokoso ngati nthambi youma ikuthyoka, kenako pansi panachoka.

Sindikumbukira kugwako, ndimangokumbukira kuti ndinapezeka mumdima, ndaima m'matope ozizira ofika m'chiuno, ndipo za fungo lake ndisakambe, ena mwa inu mwina mukudya. Mwendo wanga wamanzere unali utapanidwa ndi chidutswa cha simenti pansi pa matopewo, ululu wake wofika kumutu. Nditayang'ana kumwamba ndinaona chibowo chowala, malata anga atsopano akuoneka patali, ndipo m'mphepete mwa chibowocho munali chibenthu china chachikulu cha simenti chitapendekeka molunjika mutu wanga, chikungogwiridwa ndi mtengo umodzi woola. Dothi linkayoyokera kumaso kwanga. Chammbali munkatsika madzi, aja a padenga amene masiku onsewo ankalowa pansi pa maziko, ndipo ndikati ndisunthe, ndinkatitimira. Chitenje chija chinamasuka n'kumira, ndinachifufuza ndi manja osachipeza.

Munthu woti n'kundimva analipo mmodzi yekha padziko lonse lapansi, ndipo apa m'pamene pali manyazi anga enieni. Sindinawaitane. Ndinaitana dzina la mdzukulu wanga, ndikudziwa bwinobwino kuti ali kusukulu, monga ndinkachitira masiku onse ndikafuna kulankhula ndi bambo ake. Ndinamva mapazi akubwera, anaima panja pa chitseko, ndinamva kuomba m'manja pang'onopang'ono, kenako mawu aulemu aja akuti mwanayo ali kusukulu. Ndinaitana dzina la mwana wanga. Anayankha kuti wapita kumsika, afika masana. Anadikira pang'ono ngati ndinganenenso kanthu, matope akukwera, ndipo kenako ndinamva mapaziwo akubwerera.

Chibadwire sindinamvepo phokoso loopsa ngati la mapazi amenewo akupita. Matope anali atafika pachifuwa, kupuma kunayamba kuvuta, ndipo mutu wanga wopusawu unkandiuzabe kuti ndipirire mpaka masana, kuli bwino kufa kusiyana ndi kuti akamwini andione chonchi. Ndinayamba kupemphera kolona ndi zala, koma mawu ankasokonekera. Kenako mtengo woola uja unalira, chibenthu chija chinatsika pang'ono, dothi linandidzaza mkamwa, ndipo ndinaona maliro anga bwinobwino ngati ndaima pambali. Ndinaona kuti ndikafa adzandivuulabe m'chimbudzi momwemu, wopanda nsalu, mudzi wonse ukuona, ndipo mdzukulu wanga adzakula akulozedwa chala kuti bambo ake anapha agogo ake. Ndinakuwa. Poyamba kunali kukuwa chabe ngati ng'ombe yogwera m'ngalande, kenako ndinatchula dzina lawo, dzina lenileni, limene linali lisanatulukepo pakamwa panga.

Analowa akuthamanga, opanda odi, ndipo nkhope yawo inatseka kuwala kuja. Anandiponyera chingwe cha ng'ombe, koma manja anga ankaterera, komanso mwendo unali wopanidwa. Ndinamva akuzula chitseko chatsopano chija, anachigoneka chopingasa pachibowo, anamangirira chingwe kuzitsulo za pawindo n'kutsika okha m'dzenjemo. Munthu uja tinkapatukirana panjira anaima nane m'matope amenewo, chifuwa ndi chifuwa, malo ake ochepa. Anamiza manja ndi nkhope yomwe kuti akweze simenti inandipana ija, zikhadabo zinazuka, koma anaikweza. Anandiuza kuti ndiwagwire m'khosi, ine ndinatsinzina n'kutembenukira kukhoma, ndipo anandikalipira, inde kundikalipira ine apongozi awo, kuti nditsegule maso ndione pogwira chifukwa chibenthu chikubwera. Ndinatsegula. Ndinaona kuti munthu amene ndinkamuopa zaka zonsezi ndi mwana chabe, msinkhu wa ana anga, akulira mamina ali mbwee, akungobwereza kuti pepani amayi.

Anandikweza paphewa, anandikankha mpaka ndinagwira chitseko n'kukwawira pamwamba. Nthawi yomweyo n'kuti anthu amene anamva kukuwa kwanga kuminda akufika, amayi ndi abambo omwe, makasu ali m'manja, ndipo pakhomo panalibe chitseko chowatchinga. Anandipeza ndili gone pa polishi wofiira uja monga ndinabadwira, thupi lonse zonyansa, akamwini akutuluka m'dzenje pambuyo panga. Akamwiniwo anavula malaya atayang'ana kukhoma n'kundiponyera, mayi wina anavula chitenje chake chapamwamba n'kundifunditsa. Palibe anaseka tsiku limenelo, kuseka kunabwera pambuyo pake. Anandinyamula kupita nane kuchipatala cha mishoni, ndipo ndinamva kuti tisanafike n'komwe chibenthu chija chinagwera m'dzenjemo, khoma limodzi n'kutsatira.

Mwendo unali utathyoka, ndiye ndinakhalitsa m'chipatala, mwana wanga akundidikirira. Kumeneko n'kumene anandiululira akulira kuti tsiku lija sanatchule mawu oti chimbudzi. Anangowauza amuna ake kuti amayi akuti nthaka ya pamenepo ndi yofewa, chifukwa nayenso anachita manyazi kutengera chimbudzi cha amayi ake m'makutu mwa mwamuna wake, komanso ankaopa kuwagwetsa mphwayi pa ntchito yawo yoyamba. Ndinadabwa kumva kuti inali yoyamba. Anati inde, amuna ake anali atamuuza kuti ku Limbe ntchito yawo inali yosakaniza simenti ndi kupatsira amisiri njerwa, nyumba yawoyawo anali asanamangepo, koma apongozi atawapatsa ulemu wotero akanakana bwanji? Akamwiniwo kuchipatalako anabwera kamodzi, sanalowe, anaima pawindo n'kusiya jumbo la malalanje.

Nditatuluka ndinapeza balaza kulibe. Akamwini anali ataligumula okha, njerwa zabwino atazisanja bwinobwino pambali, malata atawaika pansi pa mtengo wa mango, dzenje atalikwirira ndi miyala yotuta pawilibala kuchokera kumtsinje, osalola munthu kuwathandiza. Eni akewo kunalibe. Ana a m'mudzi anali atayamba kuwakuwiza kuti kontalakita wa chimbudzi, wa golosale uja anasintha maganizo, koma mwana wanga akuti zimenezo akanapirira. Chimene anati sangathe ndi kudzuka m'mawa uliwonse pabwalo limodzi ndi mayi amene anawagwetsera m'dzenje, n'kuwaona mmene anawaonera muja. Ndinatuma achimwene anga, amene ndi ankhoswe a banjalo, kwawo kwa bambowo cha ku Magomero kuti akawauze kuti ine ndilibe nawo chifukwa, moyo wangawu anaupulumutsa ndi iwo. Anakapeza atakwera kale basi ya ku Joni.

Papita zaka tsopano. Amatumiza kangachepe pafoni, amalankhula ndi mwana wawo, koma za kubwera sakamba. Tsiku lina ndinalanda foniyo n'kuwapatsa moni ndekha, ndinawauza kuti abwerere, mwambo uja ndinausiya m'dzenje momwe muja. Iwo anangoti mwaulemu ndipatsire mwanayo foni. Mwana wanga amavalabe mphete, kutchalitchi amakhala ndi amayi apabanja, ndipo sanandinenepo ngakhale kamodzi, chimene chimandipweteka kuposa mwendowu kukazizira.

Anthu anakamba zambiri. Ena amati malemu anakwiya kuti ndamanga pamalo awo osawauza, ena amati mmisiri ndinamukana uja anapita kwa sing'anga. Ine zimenezo sindizikhulupirira, ndipo ndimamva chisoni kuti bambo uja anadetsedwa dzina pa mlandu umene sanaudziwe. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti akulu sananame kuti manyazi anapha lambe. Tinalipo anthu atatu, aliyense akulemekeza mnzake, aliyense akudziwa kachidutswa kake ka choonadi, ndipo palibe anatsegula pakamwa. Ulemu ndi wabwino, mpaka lero ndimaufuna, koma ulemu sugwira simenti.

Ndiye inu amene mukusunga malata kuseri kwa bedi kuti tsiku lina mukonze nyumba, ndimvereni ine wotsimphina. Mmisiri musankhe amene mwaona ndi maso anu nyumba imene anamanga, ndipo mwalankhula ndi amene amagonamo mvula ikamagwa. Akhale munthu woti mungamuyang'ane m'maso, kumufunsa kuti apa bwanji, kumukalipira, ngakhale kumuchotsa ntchito n'kugona tulo. Mumuuze ndi pakamwa panu zonse zimene zili pansi pa nthaka yanu, zonunkha zomwe, osatuma munthu. Ndipo ngati pabwalo panu pali wachibale amene mumamukonda koma simungathe kumudzudzula, mupatseni mbuzi, mupatseni munda, koma nyumba yanu ayi. Ine ndinkaopa kuti ndikawamana ntchito akamwini anga achoka n'kumusiya mwana wanga yekha, ndipo anachoka chifukwa ndinawapatsa.